Jekete lachikopa ndi ntchito ya a Sakala

Ana anga, mutu uno ndinkafuna kuulumpha. Ndinali nditalemba kale za giledala yosalazira misewu yomwe ndinaitulutsa m'matope a mtsinje wa Lupande ndi za chikalata chaulemu chomwe anandipatsa popuma ntchito, ndipo ndinati basi, buku lakwana. Amayi anu atawerenga anangofunsa kuti, "Nanga a Sakala ali pa tsamba liti?" Ndinayesa kunenerera monga mwa chizolowezi changa, ndinati ndiwatchula pang'ono kumapeto. Iwo anati ayi, mutu wathunthu. Mwa anthu onse amene ndatsatsana nawo malonda pa moyo wanga, awiri okha ndiwo sananditsitsirepo mtengo: amayi anu ndi a Sakala.

Chaka cha ufulu, ku Fort Jameson

Ntchito yanga yoyamba inali mu galaja ya boma ku Chipata, nthawi imeneyo tikukutchabe Fort Jameson. Ndinalowa ngati wotsuka zitsulo m'parafini. Mkulu wathu anali mzungu wa nsidze zokhuthala, tinkangomutcha Bwana Nsidze, ndipo Chinyanja chake chinali cha mawu khumi, asanu mwa iwo otukwana. Koma kabuleta ankaidziwa. Inu a masiku ano mwina simuidziwa kabuleta. Ndi kamphika kachitsulo momwe petulo amasakanikirana ndi mpweya asanalowe mu injini. M'kati mwake muli kachitsulo ka mkuwa kochepa ngati njere ya chimanga, timakatcha jeti, kokhala ndi kabowo koti singano yosokera imalowa movutikira. Njinga yamoto ikamathamanga, petulo amadutsa pa kabowo kameneko. Kakachepa, injini imatsokomola. Kakakula, imamwa ngati mlendo pa mowa waulere.

Lamulo la Bwana Nsidze linali limodzi. Jeti ikatsekeka uiviike m'parafini, uiuzire ndi pakamwa, ikakanabe utokose ndi tsitsi la burashi. Waya ayi, chifukwa waya amadya mkuwa. Tsiku lina anandipeza ndikutokosa jeti ndi kawaya. Anandikoka khutu kuchoka pa benchi mpaka pakhomo, anzanga akugwa ndi phwete, iye akukuwa kuti, "Waya ayi, Tembo! Waya ayi!" Choncho musadzanditeteze kuti bambo wathu sankadziwa. Ndinkadziwa. Khutu lakumanzereli ndi mboni.

Luso lina ndinaliphunzira ndekha. Zipangizo zinkasowa, ndiye makanika wochenjera ankakhala ndi chitini chake cha timabauti, mapulagi ndi timasipuling'i totola pansi, nkumasinthanitsa ndi madalaivala. Pulagi imodzi nkhuku, lamba wa fani thumba la mtedza. Ndinatchuka nazo. Anzanga ankati Tembo akapita kumsika ndi dzira amabwerako ndi tambala, ndipo ine ndinkamva kukoma. Bwana Nsidze atabwerera kwawo anandikweza kukhala makanika, ndipo panalibenso wondikoka khutu.

Patatha zaka ziwiri, ku Malambo

Ananditsitsira kuchigwa, ku msasa wa anthu a misewu pakati pa Jumbe ndi Msoro, kukasamala giledala imodzi, lole imodzi ndi pampu yamadzi. Ife a kumtunda timati timadziwa kutentha. Bodza. Kumeneko sipanala ukaisiya padzuwa unkaitola ndi chiguduli. Anthu ankalankhula Chikunda, ndipo ankandiyankha m'Chinyanja mondimvera chisoni. Inali nthawi ija malire akummwera atavuta, petulo akugawidwa ndi makuponi. Kapitawo wathu ankanunkhiza ngakhale mabotolo athu a madzi akumwa tikamaweruka.

Pafupi ndi msasa panali kachipatala ka boma ka zipinda zitatu. Woyang'anira anali a Mulenga, wothandiza dokotala wochokera kumpoto, koma aliyense ankawatcha a Dokotala. Anali munthu wolimbikira ndi wopsa mtima msanga, Chinyanja chawo chonunkha Chibemba. Midzi yakutali ankapitako pa njinga yakapalasa, bokosi la katemera kumbuyo, nkumabwerako nkhope itatupa ndi tsetse. Mlonda wa pamenepo anali a Sakala, Mkunda wa mudzi wa tsidya la mtsinje, bambo wamfupi wa imvi, wovala chikhoti cha khaki cha kunkhondo. Anali atalonda pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo makiyi onse ankakhala m'chiuno mwawo.

Tsiku lina a Mulenga anabwera ku msasa. "Ba Tembo, mwaswera bwanji? Ndamva kuti inu mumadzutsa zakufa."

"Zimatengera kuti zinafa liti, a Dokotala, ndiponso achibale ake ali ndi chiyani."

"Achibale ake ndi boma."

"Ndiye kuti ndi mwana wamasiye. Tiyeni tikamuone."

Kuseri kwa chipatala kunali shedi ya malata. A Sakala atatsegula ndinaona chimthuthuthu chakuda cha ku Mangalande, chosiyidwa ndi mzungu wa zaumoyo amene anachoka zaka zinayi m'mbuyomo. Ndinkayembekezera mulu wa dzimbiri. Koma njingayo inali pa njerwa kuti matayala asagunde pansi, yofundidwa masaka. Popanda wowatuma, a Sakala ankaipukuta Loweruka lililonse, kuthamangitsa nkhuku zofuna kuikiramo, ndi kuponda kiki yolizira njingayo pang'onopang'ono kuti injini isagwirane. Anasisita thanki ngati akusisita ng'ombe. "Mwana wanga," anatero kwa ine, "iyi si njinga wamba. Nthawi ya bwana uja, thanki imodzi inkafika ku Fort Jameson nkubwera, petulo nkutsalako wosambira m'manja. Wothira ndinali ine." A Mulenga anamva mawu amenewo, ndipo anawasunga.

Ndinagwira ntchitoyo madzulo aliwonse ndikaweruka, cha m'ma folo koloko mpaka dzuwa kulowa. M'paipi ya mpweya mavu anali atamangamo nyumba zitatu. Makoswe anali atadya theka la chishalo. M'thanki ndinathiramo miyala ya kumtsinje ndi parafini, ine ndi a Sakala nkumaikhutchumula ngati tikuvina, mpaka dzimbiri lonse litatuluka. Machubu ndinawapeza kwa dalaivala wa lole ya thonje posinthana ndi pulagi ziwiri, imodzi mwa izo yakufa. Kabuleta ndiyo inali nkhani. Petulo wakale anali ataumiramo ngati ulimbo. Ndinaimasula yonse, ndinayala tizitsulo pa nsalu, ndinatiwiritsa m'chitini cha madzi a mandimu. Kachigubu koyandama m'kati, timati fuloti, kanali ndi mng'alu, ndinakamata ndi mtovu. Jeti ndinaiviika masiku awiri, ndinaiuzira ndi pakamwa monga anandiphunzitsira, ndipo inatuluka yowala, kabowo kake kozungulira bwino ngati yangochoka m'sitolo. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinaponda kiki kachitatu, chinthu chija nkubangula. Odwala anatuluka m'chipatala, amayi akululutira. A Sakala anavula chipewa. Mpaka pamenepo, ana anga, bambo wanu anali munthu wabwino.

Okutobala wa chaka chomwecho

Njinga ndisanaipereke, ndikudikira kuti chishalo achisoke, kunabwera a Jere. Anali mnzanga wa kumtunda, mwini kagolosale ndi wogula thonje, ndipo anali ndi mthuthuthu wa mtundu womwewo umene unali utakhala miyezi itatu osayenda. Jeti yake anaithyola yekha ndi pulayala, ndipo ku Fort Jameson konse kunalibe ina. Ananditengera kusitolo kwawo, anandikhazika pa thumba la mchere, nkundipatsa tiyi wa mkaka.

"Achimwene, kanthu kamkuwa kali mu njinga ya boma kaja. Boma lili ndi njinga zambiri. Ine ndili ndi imodzi."

"Si kanga, a Jere."

"Nkhuku ziwiri."

"Mukunditukwana."

"Mbuzi."

"Mbuzi ndiisunga kuti, mu giledala?"

Mukuona kuti sindinakane. Ndinali nditayamba kale kutsatsa. Ndiye maso anga anagwa pa msomali kuseri kwa kauntala. Panali jekete lachikopa lakuda, la zipi yonyezimira, lokwerera njinga. A Jere anatsatira maso anga nkumwetulira. Nthawi imeneyo pa sukulu yapafupi panali mtsikana wina wophunzitsa sitandade wani amene ankandidutsa ngati chitsa. Ndinadziona ndili m'jekete limenelo ndikudutsa pa sukulu. Ndinanenerera mpaka anawonjezerapo paketi ya shuga, kuti zisaoneke ngati ndagonja msanga.

Tsiku lotsatira ndinamasula jeti yabwino ija. M'chitini changa munali jeti ya pampu yakufa, mazinga ake ogwirizana, koma kabowo kochepa. Nditaiika, njinga inayamba kutsokomola ikafika pa mtunda. Ndinathothola kawaya kamodzi ka chingwe cha buleki, nkutokosa. Ndinayesa, inali ikutsokomolabe pang'ono. Ndinatokosanso. Kenako ndinati kamodzi kena, kuti a Dokotala asadzavutike mumchenga. Khutu linandiyabwa, ine ndinalikanda nkupitiriza. Njinga inabangula kuposa kale, koma kumbuyo inkasiya utsi wakuda.

A Sakala anaona. "Mwana wanga, utsi uwu dzana kunalibe."

"Mudala, ndi ukalamba umenewo. Inunso kale simunkatsokomola chonchi."

Onse amene anali pakhonde la chipatala anaseka, a Sakala nawonso anaseka. Ine ndinavala jekete langa nkuyamba kudutsadutsa pa sukulu, mwezi wa Okutobala, ku Malambo, thukuta likutsikira mpaka m'nsapato. Amayi anu, mphunzitsi wa sitandade wani uja, anandiuza pambuyo pake kuti anandilankhula koyamba chifukwa ankaganiza kuti ndili ndi malungo.

Dzinja lotsatira

Miyezi yoyamba a Mulenga ankayenda midzi yapafupi, ndipo ankangodandaula kuti makuponi akutha msanga. Vuto linaonekera mvula itagwa. Tsiku lina ananyamuka m'mawa ndi katemera wa chikuku m'fulasiki ya ayezi yomwe inabwera ndi lole kuchokera kumtunda, kupita ku midzi ya kutsidya kwa Lupande kumene amayi anali atauzidwa kuti asonkhane ndi ana. Anayeza thanki dzulo lake ndi kamtengo, anaona kuti akwanira kupita ndi kubwera, malinga ndi mawu a a Sakala aja. Njinga inazima asanafike nkomwe, pakati pa nkhalango ya tsanya, ndowe za njovu zikufuka nthunzi mumsewu. Anaikankha m'matope a makande mpaka dzuwa kupendeka. Pofika, ayezi anali madzi, katemera atawonongeka, amayi atabalalika. Patatha sabata ziwiri zinachitikanso pa ulendo wina.

Anabwera kwa ine ali ndi matope mpaka m'mawondo. "Ba Tembo, ndiuzeni zoona. Kodi njinga iyi ikhoza kumwa petulo chonchi?"

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Ndinamasula pulagi, ndinaipeza yakuda bii ndi mwaye, chizindikiro chimene makanika aliyense amachidziwa. Ndinaipukuta msanga pa ovolosi iwo asanaone bwino. "A Dokotala, injini iyi ndinaikonza ndi manja anga awa. Ilibe vuto."

"Ndiye petulo akupita kuti?"

Ndinakweza mapewa. Sindinatchule dzina la munthu. Zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo, kuti ine sindinatchule dzina. Koma shedi inali ndi kiyi mmodzi, ndipo tonse tinkadziwa chiuno chimene ankalendewerapo.

Nkhani inayenda yokha. Wina anati anaona a Sakala ndi botolo m'thumba la chikhoti. Linali la parafini wa nyali yawo yolondera, koma ndani anafunsa? A Mulenga anawaitana pakhonde, tsiku la sikelo, amayi ali mbwee ndi ana kumsana. "Inu nomwe munati thanki imodzi imafika ku Fort Jameson nkubwera. Munanama kapena mukuba?" A Sakala anati sananame ndipo sakuba. A Mulenga anati alembera ku boma.

Ndinaganiza kuti ndikabweza jeti yabwino mwakachetechete, petulo asiya kutha, nkhani izizira, munthu aliyense apulumuka, makamaka ine. Ndinathamangira kwa a Jere, koma anali atapita kumtunda ndipo Lupande atadzaza. Anabwera patatha masiku khumi. Atandiona ndili ndi jekete m'manja anadziwa kuti wabwerayu ndi munthu womira.

"Jekete lavalidwa ili, achimwene. Likununkha thukuta la Malambo onse."

"Tengani, mundipatse kanthu kaja."

"Nanga njinga yanga iziyendera chiyani?"

Tsiku limenelo tambala anapita kumsika nkubwerako dzira. Ndinasiya jekete, masipanala anga atatu abwino, ndi lonjezo lowapezera jeti ina kulikonse kumene ingapezeke. Sindinanenerere nkomwe. A Jere mpaka anakhumudwa.

Koma ndinachedwa ndi masiku awiri. Kalata ya ku boma inafika Lolemba, a Sakala anapereka makiyi, anapinda chikhoti chawo nkuwoloka mtsinje. Lachitatu ndinapempha njinga kuti ndiithire mafuta, ndipo ndinabwezeretsa jeti yake. Ndinkaganizabe kuti ndikukonza zinthu. Sabata yotsatira a Mulenga anapita kutsidya nkubwera, anayeza ndi kamtengo kawo, napeza thanki ili pakati. Anabwera ku msasa akumwetulira, kamtengo m'manja. "Ba Tembo, mwaona? Wakuba wangochoka, petulo wasiya kutha. Mtima unkanditsutsa, ndinkati mwina ndamulakwira mudala uja. Tsopano ndigona." Amene ankakayikira onse anasiya kukayika tsiku limenelo. Mlandu umene unalibe umboni, ine ndi sipanala yanga tinaupatsa umboni.

Mvula itakata

Ndinakhala chete miyezi iwiri. Ndinkadziuza kuti kuba katundu wa boma ndi nkhani ya apolisi, kuti ndili ndi amayi ondidalira kumudzi, kuti mudala uja anali pafupi kupuma kale. Wotsatsa malonda amatha kudzinyenga yekha kuposa mmene amanyengera ena. Ndiye tsiku lina tikukonza podutsira pa mtsinje, ndinaona a Sakala akuwoloka ndi mtolo wa mphasa zogulitsa pamutu. Ana amene ankasewera pamchenga anayamba kukuwa, "A Galoni! A Galoni! Tigaireni petulo!" Iwo sanatembenuke. Ndinayesa kubisala kuseri kwa giledala koma anandiona, anatula mtolo.

"Mwana wanga, muli bwanji? Njinga yathu ikuyenda?"

"Ikuyenda, bambo."

"Utsi uja?"

"Unasiya."

Anagwedeza mutu mokondwa. "Ndinadziwa kuti muupeza. Muli ndi manja inu. Mumuuze mlonda watsopanoyo aziipukuta Loweruka, fumbi limadya utoto."

Anasenza mphasa zawo nkumapita. Akanandilavulira bwenzi zili bwino. Madzulo ake ndinakawauza amayi anu, amene pa nthawiyo tinali titagwirizana kale za ukwati. Ndinkayembekezera kuti anditonthoza, kapena anditsitsirako. Anamvetsera mpaka kumapeto nkufunsa kuti, "Jekete la malungo lija?" Ndinati eya. Anati, "A Dokotala amatsegula seveni koloko."

Ndinapita ndi jeti yoboola ija m'thumba. A Mulenga poyamba sanamvetse, ndiye ndinachita kuwaonetsa. Ndinakhuthula thanki, ndinathira botolo limodzi la petulo, ndinati ayende mpaka izime. Anafika pa mlambe wa pa mphambano nkupitirira kutali. Ndinasintha jeti iwo akuona, ndinathira botolo lomwelo. Anabwera akukankha, asanafike nkomwe pa mlambe. Anaimika njinga bwinobwino pa sitandi yake, kenako anandilankhula m'Chibemba kwa nthawi yaitali. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe koma ndinamva zonse. Atatopa anakhala pa sitepe, mutu m'manja. "Ndinamutcha wakuba pamaso pa amayi a sikelo. Munthu wa msinkhu wa bambo anga."

Analembera ku boma kawiri. Yankho linali lakuti malowo ali kale ndi munthu, ndipo a Sakala zaka zawo zapitirira. Ine sananditengere kupolisi, chifukwa m'chigwa monse munalibe makanika wina wodziwa giledala. Anangondilembera chenjezo limene linanditsatira zaka zisanu ndi chimodzi, anzanga akukwezedwa ine ndili pomwepo. Zimenezo sindidandaula nazo.

Kwa a Sakala ndinapita ndekha, ndikukoka mbuzi. Ndinawapeza akuluka mphasa pansi pa mtengo. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse, kuyambira pa tiyi wa a Jere. Sanasiye kuluka. Nditamaliza ndinawasonyeza mbuzi.

"Ya chiyani?"

"Yopepesera, bambo."

"Bwererani nayo."

Chizolowezi ndi chinthu choipa. Pakamwa panga panayamba pokha. Ndinati ndiwonjezerapo njinga yanga yakapalasa. Ndinati ndiwakhomera malata pa nyumba. Anaika mphasa pansi nkundiyang'ana. "Mwana wanga, kodi mukuona sitolo pano? Sindikugulitsa kanthu. Dzina langa linawonongekera pa anthu. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, mudzanene zimenezi pa anthu."

"Bambo, bwanji tikanaitana akuluakulu okha, pakhomo pano?"

"Ayi."

"Kapena akuluakulu ndi amayi a mvano?"

"Akuluakulu sandiitana Galoni. Amandiitana ndi ana. Ana akhalepo."

Lamulungu limenelo ndinaima panja pa katchalitchi ka udzu, mudzi wonse utakhala pansi, mphunzitsi wa mpingo akumasulira m'Chikunda. Yesani tsiku lina kufotokoza kabuleta kwa anthu amene ambiri a iwo sanakwerepo galimoto. Ndinanena za mpweya, ndinanena za kamphika, ndinakweza jeti m'mwamba pakati pa zala ziwiri, akumbuyo osaiona nkomwe. Ndinati wakuba ndine, ndinaba kanthu konga aka, ndinaikapo aka, ndipo aka ndi kamene kankamwa petulo. Mayi wina wachikulire anafunsa mokweza, mphunzitsi nkumasulira: "Akuti kanthu kochepa ngati nsabwe ako kali ndi mimba yoti nkusungamo magaloni?" Anthu anafa nako kuseka. Wina anafunsa kuti jeketelo lili kuti, alione. Ena anandikhulupirira. Ena popita kwawo ankati a Sakala amudyetsa mankhwala mnyamata wa kumtunda kuti asenze mlandu wawo.

Anthu akubalalika, a Sakala anatambasula dzanja. Ndinawapatsa jeti. Anaipukuta pa chikhoti, anatsinzina diso limodzi, nkuyang'ana kumwamba kudzera pa kabowoko kwa nthawi ndithu.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ntchito, zinadutsa apa?"

"Inde, bambo."

"Ndinu makanika ndithu."

Anaiponya m'thumba la chikhoti nkulowera kwawo. Pambuyo pake tinkapatsana moni tikakumana, ndipo nthawi zonse ankafunsa za njinga, koma sanalandirepo kanthu kochokera m'manja mwanga, ngakhale fodya.

Patapita zaka, ndili ku Chipata

Njinga ija inatumikira chipatalacho mpaka a Mulenga atasamutsidwa. Ine ndinabwerera kumtunda, inu munabadwa, ndipo amene munaphunzirako ntchito kwa ine mukukumbukira mmene ndinkakalipira ndikaona waya pafupi ndi kabuleta. Munkati bambo ndi ovuta. Tsopano mwadziwa.

Uthenga wa maliro a a Sakala unandipeza mochedwa, koma ndinakwera lole ya thonje nkutsikira kuchigwa. Mudzi unali utasuntha chifukwa cha madzi osefukira ndipo njira ndinaisokoneza. Pa chitsime ndinapeza mayi wina wachitsikana akutunga, ndinamufunsa njira ya ku maliro a a Sakala. Anati kuno a Sakala ndi ambiri, ati? Ndinati amene anali mlonda pa chipatala kalekale.

"Oo, a Galoni! Tsatani njira iyo, mukamva nyimbo."

Ndinati, "Mayi, munthu ameneyo sanabe petulo. Imani ndikuuzeni. Mu njinga yamoto muli kachitsulo kena kochepa ngati njere ya chimanga..."

Anali atasenza kale ndowa yake. Anandiyang'ana mwaulemu, monga mmene timayang'anira munthu wamkulu amene dzuwa lamupweteka, anati, "Zikomo, bambo, fikani bwino," nkumapita.